Chipsera cha Mwamuna Wanga

1

Tsiku limene bambo anga anavomera kuti mng'ono wanga Shylet akwatiwe ndi mwamuna wanga, ine ndinali nditagwada pambali pa bedi ndikupaka mankhwala chipsera cha mwamuna yemweyo. Ndalemba nkhaniyi kuti mundiweruze mutamva zonse, chifukwa anthu a ku Mandeya anandiweruza kale asanamve ngakhale theka.

Dzina langa ndi Loness. Ndinabadwira mukomboni ya pa esiteti ya tiyi kuno ku Honde, monganso bambo anga a Lyford. Agogo ndi amene anachokera ku Thyolo, ndipo sanabwerereko. Mukatifunsa kwathu timati ku Malawi, koma mutakatitula kumeneko tingasochere ngati nkhuku yogula kumene. Nyumba ya kampani imakhala yako pamene msana wako ukadali wolimba. Bambo atapuma pa ntchito, mayi atamwalira kale, anauzidwa kuti abweze makiyi.

Amene anatiwombola ndi apongozi anga, Mai Munashe. Ndinakwatiwa ndi mwana wawo Munashe, wa mtundu wa Amanyika a ku Mandeya, yemwe ankanyamula matumba a tiyi kufakitale. Apongozi anadulira bambo kachigawo ka munda kumunsi kwa mtsinje, bambo n'kumangapo kanyumba, n'kubzala nthochi. Shylet ankakhala nawo komweko. Mtsikana uyo ali ndi mutu, anakhoza bwino n'kupeza malo ku koleji ya aphunzitsi ku Mutare, ndipo ankangodikira Januwale kuti akayambe.

Vuto linali limodzi. Zaka zisanu m'banja, ine osaima. Anzanga onse amene tinkathyola nawo tiyi anali atasanduka Mai uje, Mai uje, ine ndekha ndinkaitanidwabe Loness ngati mwana wasukulu. Mizu ndinamwa, madzi opemphereredwa ndinasamba, kuphiri ndinasala kudya mpaka kuona chizungulire. Munashe ankangondisisita kumsana n'kumati, "Nthawi ya Mulungu sinakwane." Ndinkamukonda kwambiri chifukwa cha mawu amenewo.

2

Chaka cha dzana, mvula itangoyamba, Munashe anandiuza kuti ali ndi heniya, matenda aja otupa m'mphechepeche chifukwa chonyamula zolemera. Anati akachitidwa opaleshoni kwa dokotala wina ku Mutare.

"Ndikuperekeza," ndinatero.

"Aiwa, tiyi wachuluka, foromani sakulola. Ndipita ndi mhai."

Anapitadi ndi mayi ake. Anabwerako ndi bala losokedwa m'munsi mwa mimba, chakumanzere, lotalika ngati chala changa chapakati. Apongozi, amene ankanditcha muroora kutanthauza mtengwa, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Muroora, nkhani iyi isatuluke m'nyumba muno. Anthu akadziwa kuti munthu ali ndi bala, amalilowerera." Sindinadabwe, kuno aliyense amaopa mnzake.

Ulusi atachotsa, bala litauma, ntchito yanga inayamba. Munashe anabwera ndi kachubu ka jelo wa silikoni, mankhwala oyera ngati madzi, amene dokotala anati azipaka m'mawa ndi madzulo kwa miyezi ingapo kuti chipsera chisatukuke. Anati malowo azitsukidwa ndi kuumitsidwa kaye, kenako kusisita pang'onopang'ono ndi nsonga za zala mozungulira. Anatinso asanyamule zolemera msanga, asiye fodya, ndipo lamba asakhule pamalopo. Zonsezi ndinaziloweza kuposa katekisimu. Manja anga ndi okhakhala ndi tiyi, choncho ndinkayamba ndawaviika m'madzi ofunda kuti ndisamupweteke.

Koma Munashe ndi Munashe. Fodya sanasiye, ndipo patangopita masabata ochepa anabwerera ku matumba ake. Chipsera chija m'malo mophwa chinayamba kutukuka, n'kuda, n'kumanyezimira. Chinkayabwa mwakuti ankadzikanda ngakhale m'tchalitchi. Chinadutsa malire a bala n'kuyamba kutambalalira khungu labwinobwino.

"Tibwerere kwa dokotala uja," ndinamuchonderera.

"Sindidzapondakonso kumene kuja."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndanena kuti sindidzapondakonso. Paka mankhwalawo."

Ndinkadabwa kuti munthu wamwamuna angadane bwanji ndi chipsera chimene chili malo osaoneka ndi anthu. Sankafuna n'komwe kuchiyang'ana. Ndikamapaka ankatembenukira kukhoma, nsagwada zitalimba, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndi ululu.

3

Jelo atatha, apongozi anati za Azungu zalephera. Anaitana mlongo wa malemu amuna awo, Tete Plaxedes, mayi wodziwika potemera mphini. Tete anabwera ndi lezala latsopano ndi kabotolo ka mankhwala akuda ngati makala. Anati m'chipseramo mwaundana magazi oipa ofunika kuwapatsa njira.

Ndinayesa kukana. "Tete, adokotala anati khunguli silifuna kuchekedwanso."

"Iwe wachiritsa angati?" anandifunsa osandiyang'ana n'komwe. "Gwira miyendoyo."

Ndinagwira. Anatema mphini zazing'ono mozungulira chipsera chonse n'kutikitiramo mankhwala aja. Mwezi usanathe, mphini iliyonse inatukuka payokha, ndipo pamene panali chotupa chimodzi panakhala mzere wa tizotupa ngati nyemba m'khoko. Munashe anasiya kumanga lamba, n'kumavala thalauza la mphira. Ine ndinayamba kupaka chilichonse chimene munthu wanditchulira: alovera, mafuta a nsatsi, uchi, ngakhale madzi a anyezi. Ndikapita ku Hauna ndinkafunsa m'mashopu onse ngati munthu wosokonekera mutu.

M'masiku omwewo apongozi anasintha nyimbo. Kale ankandinyoza chammbali, tsopano anayamba kunena poyera. Tsiku lina tikusenda chimanga anaika chitsononkho pansi n'kundiyang'ana.

"Muroora, ndadikira mokwana. Mwana wanga ali bwinobwino. Munda ndi umene sukubala."

"Amayi, tikuyesetsa."

"Kuno kwathu tili ndi mwambo. Mkazi akalephera, akwawo amapereka mng'ono wake kuti nyumba isafe. Timati bondwe. Iwe sitikuthamangitsa, ukhala maiguru, mkazi wamkulu, ana a Shylet adzakhala ako omwe."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za chilamu zimene Munashe ankachita ndi Shylet. Apongozi sanaseke. Anati akatuma Tete kwa bambo anga, ndipo anawonjezera mawu ochepa amene anandizizira m'mafupa. Anati munda uja anaupereka kwa abale, ndipo ubale wopanda mwana suchedwa kutha.

4

Tete anapitadi Lamlungu masana, nthawi imene ine ndinali m'chipinda ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi m'manja. Anabwerako akumwetulira n'kulengeza pakhomo kuti a Lyford avomera, ndipo abale akumana Loweruka lotsatira kuti Shylet aonetsedwe kubanja. Ndinasiya botolo losatseka n'kuthamangira kumunsi kwa mtsinje.

Bambo ndinawapeza atakhala pachitsa, chipewa chili m'manja. Shylet anali m'nyumba, chitseko chotseka.

"Ababa, mwagulitsa mwana chifukwa cha nthochi?"

"Khala pansi, Loness."

"Sindikhala. Kwathu ku Malawi kumene mumanena kuja amatero?"

"Kwathu kuti?" anandifunsa motsitsa mawu. "Ine ndinabadwira mukomboni, ndakalambira mukomboni. Kuno ndife alendo, mwanawe, ndipo mlendo ndi mame. Akandichotsa pano ndikagona pa sitolo ya ndani? Amayi ako ali m'manda a kampani, ine sindikudziwa n'komwe kumene mudzandiike."

Ndinalowa m'nyumba. Shylet anali atakhala pamphasa, sutikesi imene tinamugulira ya ku koleji ili pambali pake. Maso anali ofiira koma sankalira.

"Sisi, musakangane ndi ababa. Ndavomera ndekha."

"Wavomera chiyani? Ukudziwa chimene wavomera?"

"Asi ndikanatani? Ndipite ku Mutare ndikamve kuti ababa akugona panja? Koleji siithawa."

Koleji siithawa. Mawu amenewo ndinawamvapo kwa atsikana ambiri a mukomboni, ndipo onsewo lero ali ndi dengu kumsana pamzere umodzi ndi ine. Ndinabwerera kunyumba n'kugwada pamaso pa Munashe.

"Kana. Ndiwe wekha ungakane. Uwauze kuti sukufuna mkazi wina."

Anayang'ana kudenga. "Ndi nkhani ya akuluakulu, Loness. Ine ndinganene chiyani?"

"Ndiye ukumufuna Shylet?"

"Sindikufuna munthu aliyense," anatero. Kenako anadzikanda pachipsera mpaka magazi anatuluka.

5

Pokanda paja panachita mafinya. Pofika Lachitatu thupi linatentha, ndipo foromani anamubweza kuntchito. Apa sindinapemphenso chilolezo. Ndinamuveka malaya ngati mwana n'kumukweza kombi ya ku Mutare pa Hauna. Njira yonse ankati tipite kuchipatala china chilichonse, koma ine ndinaumirira kwa yemwe anamucheka, poti ndiye akudziwa chimene anasiya m'katimo.

Titafika anandiuza kuti ndidikire pabenchi. Ndinakhaladi, koma pasanapite nthawi namwino anasuzumira n'kufunsa kuti amene amapaka mankhwala kunyumba ndani. Anati ndilowe, adokotala akufuna kundionetsa kamatidwe ka tepi.

Dokotala anali mayi wachikulire wa magalasi. Anayang'ana mphini zija n'kupukusa mutu.

"Ichi timati keloidi," anatero. "Khungu la anthu ena likavulala silidziwa polekezera kudzikonza. Mukalicheka, ngakhale pang'ono, mwaliwonjezera ntchito. Amene anatema apa asadzabwerezenso."

Anafotokoza kuti ayamba achiza mafinyawo ndi mapiritsi. Pakauma, azibaya jakisoni m'chipsera momwemo mwezi uliwonse kuti chifewe ndi kuphwa, ndipo ine ndizimata tepi ya silikoni pafupifupi tsiku lonse. Anati kuchidula kokha sikuthandiza chifukwa chimameranso chokulirapo, ndipo sichidzatheratu, koma kuyabwa kudzachepa. Ndinkagwedeza mutu, mtima ukutsika pang'ono. Kenako anavula magalasi n'kundimwetulira.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Ndakhala ndikuwauza bambowa kuti nkhani ya mwana ndi ya anthu awiri, asamaisenze okha."

"Nkhani ya mwana iti, adokotala? Si heniya?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana Munashe, Munashe anayang'ana pansi. Dokotala anaimirira n'kunena kuti akukatenga mapiritsi ndipo achedwako pang'ono, n'kutseka chitseko.

Munashe analankhula atatembenukira kukhoma, monga ankachitira ndikamamupaka mankhwala. Heniya sanadwalepo. Kalekale anakayezetsa mobisa, n'kupezeka kuti mbewu zake n'zosakwanira kupereka mimba. Anamuuza kuti ali ndi mitsempha yotupa kumalo obisika, ndipo kuimanga mwina kungathandize. Opaleshoni ija inali imeneyo. Patapita miyezi anakayezetsanso yekha, n'kumva kuti sizinathandize, ndipo chiyembekezo n'chochepa kwambiri.

Ndinaganiza za mizu yonse imene ndinamwa iye akundigwirira kapu. Ndinaganiza za m'mawa uliwonse umene ndinaviika manja m'madzi ofunda. Sindinalire.

"Unkadziwa," ndinatero. "Amayi ako akunditcha munda wosabala, iwe unkadziwa. Ndipo ukanamutenga Shylet ukudziwa."

"Loness, ndine mwamuna. Anthu akamva ndiyenda bwanji ku Mandeya?"

"Nanga ine ndayenda bwanji zaka zonsezi?"

Anandigwira dzanja, akulira ngati mwana. Anati ndimupatse nthawi, apeza njira. Ndinamuuza kuti sindikufuna kuti aulule matenda ake kwa munthu aliyense. Ndinkangofuna kuti Loweruka aimirire pamaso pa abale n'kunena kuti Shylet sakumufuna. Analumbira kuti atero.

6

Loweruka lisanafike ndinapita kwa bambo n'kuwauza zonse. Atamva anati, "Bongololo sadzolera mafuta pagulu, mwanawe. Musiye mwamuna wako akane yekha. Iwe ukatsegula pakamwa, tonse tapita."

Loweruka masana abale anadzaza khitchini ya apongozi. Amuna anakhala pabenchi ya m'mbali mwa khoma, ife akazi pamphasa. Shylet anamufunditsa nsalu yatsopano imene apongozi anagula, n'kumukhazika pafupi ndi Tete. Mkulu wa malemu apongozi aamuna ndiye ankatsogolera. Analankhula za dzina la banja, za nyumba yopanda kulira kwa mwana, n'kuyamikira bambo anga kuti ndi munthu womvetsa zinthu ngakhale ndi wobwera. Pomaliza anatembenukira kwa Munashe.

"Mwanangu, mainini ako, mkazi wamng'ono, ndi awa. Ukuwalandira?"

Ndinamuyang'ana. Ndinamupempha ndi maso, ndi mtima, ndi chilichonse chimene ndinali nacho. Anayang'ana mkulu uja, anayang'ana mayi ake, kenako anawomba m'manja mwaulemu.

"Zimene akulu aona, ine sindingatsutse."

Akazi anayamba nthungululu. Ine ndinadzipeza ndagwada pakati pa khitchini ndikuwomba m'manja kupempha mawu. Mtengwa salankhula pabwalo lotero, ndipo Tete anandikoka nsalu kuti ndikhale pansi. Bambo anga anaweramitsa mutu.

"Akuluakulu, pepani," ndinatero. "Mng'ono wanga simumutenga. Ngakhale mutabweretsa akazi khumi m'nyumba ija, simudzamva kulira kwa mwana. Chipsera chimene ndakhala ndikupaka mankhwala si cha heniya. Mufunseni mwana wanu chimene anakachita ku Mutare, ndi chimene dokotala anamuuza."

Apongozi anaimirira, chala chili pa ine.

"Bodza! Anamukonza mwana wanga. Ndinagulitsa ng'ombe yanga kuti amukonze mitsempha ija, ndipo anandiuza yekha kuti dokotala wati wachira."

Anazindikira mawu atatuluka kale. Amuna onse pabenchi anatembenukira kwa iwo. Ndiye kuti nawonso ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti vuto linali mwa mwana wawo, ndipo ankandiona ndikusala kudya kuphiri osanena kanthu. Munashe anandinamiza ine kuti ndi heniya, n'kunamizanso mayi ake kuti wachira, ndipo mabodza awiriwo anakumana pamutu pa Shylet.

"Munashe," anafunsa mkulu uja, "unachira?"

Munashe anaimirira n'kutuluka, akuyenda chopendekera kumanzere chifukwa cha bala. Palibe anamutsatira. Shylet anavula nsalu ija, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pamiyendo pa Tete.

7

Munda anatilanda sabata yomweyo. Sanatchule chifukwa, anangotuma munthu kudzanena kuti malowo akufunika. Ine ndinapempha chipinda mukomboni, ndipo bambo ndikukhala nawo momwemo, nsalu itatchinga pakati. Sanandidzudzulepo, sanandithokozenso. Amakhala pakhomo tsiku lonse n'kumapatsa moni anthu opita kuntchito.

Munashe anasamukira ku esiteti ina ku Chipinge, kumene palibe akumudziwa. Ndimamva kuti jakisoni uja amapita kukabayitsa. Ku Mandeya dzina langa ndi mkazi amene anavula mwamuna wake pagulu, ndipo ndikalowa m'tchalitchi amayi ena amasuntha pabenchi. Ndisakunamizeni, ndimamusowa. Nthawi zina ndimadzuka m'mawa n'kutenthetsa madzi, kenako n'kukumbukira kuti palibe womupaka.

Shylet anapita ku koleji mu Januwale. Tinamuperekeza pa Hauna, ndipo kombi itanyamuka bambo anavula chipewa n'kukhala chiimire mpaka inazimiririka.

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu muli ndi chipsera cha opaleshoni, kapena mukusamalira wina amene ali nacho. Chikayamba kutukuka ndi kuyabwa musachiteme, musachikande, bwererani msanga kwa amene anakuchekani. Ndipo ngati ndinu mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo, musakhale pabenchi panja monga ndinkachitira ine. Lowani, mumve ndi makutu anu chimene anachekera.

Za kulakwa kwanga, weruzani nokha. Ndikudziwa kuti ndinachititsa manyazi munthu amene ndinkamukonda, pa nkhani imene sanaisankhe, ndipo ndinasowetsa bambo anga pokhala ali okalamba. Usiku ndi usana ndimadzifunsa ngati panali njira ina. Koma ndikaganiza zokhala chete, ndimaona mapeto ake bwinobwino. Zaka zikanadutsa Shylet osaima, anthu akanati kusabereka ndi kwa ana a Lyford, ndipo mizu ija ikanabweranso m'nyumba. Womuphikira mng'ono wanga mizuyo, n'kumugwirira kapu kuti amwe, ndikanakhala ine.